Kiriketi ndi nyimbo za Asufi ku Pakistan: mafunso ndi mayankho

Dzina la Pakistan likamveka pa wailesi kuno kwathu, nthawi zambiri pamakhala nkhani ya mabomba, madzi osefukira kapena mikangano ya ndale. Eni dzikolo zimenezi zimawawawa. Mukakhala nawo pansi, kaya ku Limbe, ku Johannesburg kapena ku Bradford, macheza sachedwa kukhotera ku zinthu ziwiri zimene amazikamba nkhope ili ngwee: kiriketi ndi nyimbo za Asufi, Asilamu ofunafuna Mulungu ndi mtima. Nawa mafunso amene munthu wachilendo ku zinthuzi amakhala nawo.

Masewero ndi nyimbo zopembedzera zikukumana pati?

Zikukumana pa vuto limodzi lakale. Pakistan ndi dziko lobadwa dzulodzuloli, pa 14 Ogasiti 1947, pamene Angerezi ankachoka n'kugawa India pawiri. Koma anthu ndiye ndi mulu: kalembera wa 2023 adapeza oposa 240 miliyoni. Anthu amenewa sayankhula chinenero chimodzi. Kuli Chipunjabi, Chipashto, Chisindhi, Chisaraiki, Chibalochi ndi zina, ndipo Chiurdu, chimene ndi chinenero cha fuko, adachiyamwira ndi anthu osafika 10 pa 100 alionse. Nkhani ya chinenero idali m'gulu la zimene zidang'amba dzikoli mu 1971, chigawo cha kum'mawa chitadzipatula n'kukhala Bangladesh. Ndiye chinthu chimene chingakhazike munthu wa ku Peshawar ndi wa ku Larkana pa mphasa imodzi, onse n'kumati "ichi n'chathu", sichipezeka wambawamba. Timu ya kiriketi imatero. Nyimbo za pa manda a oyera mtima zimateronso, ndipo izo zidayamba kalekale dziko la Pakistan lisanaganiziridwe n'komwe.

Pena ziwirizi zimachita kugwirana manja poyera. Mu ligi ya dzikolo, Pakistan Super League, imene idayamba mu 2016, timu ya mzinda wa Lahore imatchedwa Lahore Qalandars. Qalandar ndi Msufi woyendayenda amene adasiya za dziko, ndipo mfuu ya ochemerera timuyi idachokera m'nyimbo yotamanda Lal Shahbaz Qalandar, woyera mtima amene manda ake ali ku Sehwan. Taganizani bwalo lodzaza likukuwa mawu amene anthu amavina nawo pa manda a shehe wa zaka 700 zapitazo.

Ine kiriketi sindiidziwa. Imaseweredwa bwanji?

Matimu awiri, osewera 11 mbali iliyonse. Pakati pa bwalo pali kanjira kouma kotalika mamita 20, ndipo kumapeto kwake konse amazikako timitengo titatu, wiketi. Timu ina imaponya mpira, ina imamenya ndi thabwa lotchedwa bati. Womenya akaumenya amathamanga kusinthana malo ndi mnzake, ndipo ulendo uliwonse ndi rani imodzi. Mpira ukagubuduzika mpaka kudutsa chingwe cha malire ndi marani 4, ukadutsa uli m'malere ndi 6. Womenya amatuluka mpira ukagwetsa timitengo tija kapena wina akauwakha usanakhudze pansi. Masewero a Test amatha masiku asanu, ena tsiku limodzi, pomwe a T20 amatha maola atatu ndi kanthu. Zotsalazo mudzaziphunzira mukuonera.

Koma si masewero a atsamunda amenewa? Adakhala bwanji a Apakistani?

Ndi a atsamunda ndithu, monganso mpira wamiyendo umene ife timaufera. Kusiyana kwake n'koti Apakistani sadachedwe kumenya mphunzitsi ndi ndodo yake yomwe. Adaloledwa kusewera ma Test mu 1952 pansi pa kaputeni Abdul Hafeez Kardar. Mu 1954, ulendo wawo woyamba ku England, adagonjetsa eni masewero pa bwalo la The Oval ku London, Fazal Mahmood atatulutsa omenya 12 yekha. Dziko linali ndi zaka 7 zokha, anthu miyandamiyanda akadali othawa kwawo, ndipo nkhani idafika pa wailesi yoti ana athu agwetsa Angerezi pakhomo pawo. Mu 1958 ku Bridgetown, Hanif Mohammad, munthu wamfupi thupi, adakhala akumenya kwa mphindi 970 n'kupeza marani 337 kuti apulumutse timu kwa West Indies. Mpaka lero palibe amene adakhalitsa chotero pa Test.

Kenaka adayamba kuwonjezera zawozawo. Sarfraz Nawaz adatulukira kuti mpira wakutha, ukaupukuta mbali imodzi n'kusiya inayo ikhakhale, umakhota m'malere molowera kumene womenya sakuyembekeza. Adaphunzitsa Imran Khan, Imran adaphunzitsa Wasim Akram ndi Waqar Younis. Atolankhani a ku England adayamba ndi kunena kuti n'kubera. Timu yawo itaphunzira luso lomwelo n'kumapambana nalo, lidasanduka nzeru. Apakistani sadaiwale zimenezo, ndipo mukawaputa nkhaniyi konzekani kukhalitsa.

Osewera othamangitsa mpira chotere amawatenga kuti?

Mumsewu. Mpira weniweni wa kiriketi ndi wolimba ngati mwala, wokutidwa ndi chikopa, wodula, ndipo umathyola zala n'kuswa mawindo. Anyamata a ku Karachi adapeza njira: adatenga mpira wa tenisi n'kuukulunga ndi tepi ya magetsi, ija yomatira mawaya. Umalemererako pang'ono, umaterera, umathamanga, koma suvulaza. Ndiwo mpira wachikulunga wa kumeneko. Wiketi imakhala njerwa zosanjikiza, kreti ya zakumwa kapena mizere itatu ya choko pakhoma. Malamulo amapangidwa potengera msewuwo: ukamenyera mpira mumpanda wa eni watuluka, ndipo ukakaupemphe wekha kwa mayi a pakhomopo. Njinga yamoto ikabwera masewero amaima, ikadutsa amapitirira.

M'mwezi wa Ramadhani mipikisano imachitika usiku. Anthu akamasula, akapemphera, anyamata amakoka mababu kuchokera m'nyumba n'kuwapachika mumsewu, n'kusewera mpaka nthawi ya chakudya cha m'bandakucha. Popeza mpirawo ndi wopepuka, kuti uthamange woponya amayenera kugwetsa phewa lonse, ndipo mkono umazolowera liwiro akadali mwana. Shoaib Akhtar wa ku Rawalpindi adaponya mpira pa liwiro la makilomita 161.3 pa ola ku Cape Town mu 2003, ndipo palibe amene adapyola pamenepo. Haris Rauf ankangosewera mpira wa tepi mpaka pamene a Lahore Qalandars adamuona pa mayeso osaka luso mu 2017.

N'chifukwa chiyani aliyense amangoti 1992, 1992?

Chifukwa chaka chimenecho adatenga chikho cha dziko lonse atafa kale. M'masewero asanu oyamba adapambana amodzi okha, ndi Zimbabwe. Ku Adelaide, England idawatulutsa onse ali ndi marani 74, chamanyazi zedi, koma mvula idagwa, masewero adalephereka, matimu adagawana mapointi. Pointi ya mvulayo ndi imene idawalowetsa mu ndime ya matimu anayi. Kaputeni wawo Imran Khan, ali ndi zaka 39 komanso phewa likumuvuta, adatulukira ku Perth atavala tisheti ya chithunzi cha kambuku, n'kunena kuti akufuna anyamata ake amenye nkhondo ngati kambuku amene alenje amutsekera njira zonse.

Ku Auckland, mnyamata wosadziwika, Inzamam-ul-Haq, adamenya marani 60 pa mipira 37 n'kutulutsa New Zealand. Pa 25 Malichi, pamaso pa anthu oposa 87,000 ku Melbourne, adakumananso ndi England. Wasim Akram adagwetsa mawiketi a Allan Lamb ndi Chris Lewis ndi mipira iwiri yotsatana, ndipo Pakistan idapambana ndi marani 22. Unali mwezi wa Ramadhani, ndipo ambiri kumudzi adaona dzanja la Mulungu pa mvula ija. Ena mwa osewera akhala akusimba kuti pa mpikisano wonsewo ankamvera makaseti a woimba nyimbo za Asufi, Nusrat Fateh Ali Khan, kuti mitima ikhale m'malo.

Imran adagwiritsa ntchito kutchuka kumeneku pomanga chipatala cha khansa cha Shaukat Khanum ku Lahore, chokumbukira mayi ake, chimene chidatsegulidwa mu 1994. Adadzakhala nduna yaikulu kuyambira 2018 mpaka 2022, kenaka adatsekeredwa mu 2023. Za ndale zake Apakistani amakangana mpaka kuswana mitu. Za 1992 sakangana.

Ndiye kiriketi ndiwo masewero a fuko?

Pa pepala ayi, ndi hoke, masewero omenya kampira ndi ndodo zokhota. Adatenga nayo golide ku Olimpiki mu 1960, 1968 ndi 1984, ndi zikho zinayi za dziko lonse. Lero hoke idagwa mphwayi, ndalama ndi makamera zili ku kiriketi.

Asufi ndi ndani?

Si mpingo wapadera. Ndi Asilamu amene amafuna kumudziwa Mulungu ndi mtima, kudzera m'chikondi, kudziletsa ndi kubwereza mayina ake, motsogozedwa ndi mphunzitsi. Ali ndi magulu awo: Chishti, Qadiri, Suhrawardi, Naqshbandi. Amene adaonapo Asilamu a Qadiriya ku Mangochi kapena ku Machinga akuchita sikiri, akupuma mogwirizana, matupi akugwedezeka, waona nthambi ya mtengo womwewo. Gulu la Qadiri lidachokera kwa Abdul Qadir Jilani wa ku Baghdad, ndipo alakatuli akuluakulu a ku Punjab, Sultan Bahu ndi Bulleh Shah, adali a gulu lomweli.

Chimene chidawakondetsa kwa anthu wamba n'choti ankayankhula chinenero cha kumudzi. Baba Farid wa ku Pakpattan ankapeka ndakatulo m'Chipunjabi m'zaka za m'ma 1200, pamene anthu ophunzira ankalemba m'Chiperisiya. Bulleh Shah wa ku Kasur, amene adamwalira mu 1757, ankanyoza akuluakulu a chipembedzo amene amawerenga mabuku mulumulu koma osadziwerenga okha, ndipo nkhani imati atamwalira ena adakana kumupempherera. Lero anthu amakhamukira kumanda kwake. Ku Sindh, Shah Abdul Latif Bhittai adatenga nthano za atsikana a m'midzi, monga Sassui amene adatsata mwamuna wake m'chipululu, n'kuzisandutsa chithunzi cha mzimu wofunafuna Mlengi. Pa manda ake ku Bhit Shah amuna amaimba ndakatulozo usiku ndi mawu aang'ono ngati a akazi, chifukwa woyankhula m'nyimbomo ndi mkazi.

Tsiku limene woyera mtima adamwalira amalitcha urs, kutanthauza ukwati, poti ndilo tsiku adakumana ndi Wokondedwa wake. Pamakhala chikondwerero cha masiku angapo, ndipo chakudya chaulere, langar, amapatsa aliyense osafunsa mtundu kapena chipembedzo.

Nanga qawwali imene imatchuka ija imakhala bwanji?

Amuna asanu ndi atatu kapena khumi amakhala pansi atapinda miyendo, mizere iwiri. Kutsogolo kuli woimba wamkulu ndi omuthandiza, ali ndi kalimba kopopa ndi dzanja kotchedwa harmonium. Kumbuyo kuli wa ng'oma za tabla kapena dholak, ndi oyankha amene ntchito yawo n'kuomba m'manja. Kuombako si kwa chisawawa. Ndiko msana wa nyimbo yonse, kouma, kofanana, phaa phaa, osaphonya.

Amayamba mwaulesi, ngati akungoyesa mawu. Woimba amatambasula liwu limodzi, kenaka ndime zingapo popanda ng'oma. Ng'oma ikalowa, m'manja mukayamba kulira, nyimbo imakwera pang'onopang'ono ngati moto wa m'tchire. Woimba amayang'ana nkhope za omvera. Akaona kuti mzere wina wamugwira munthu, mwina wayamba kulira kapena waimirira akuzungulira, sausiya mzerewo. Amaubwereza kakhumi, ka makumi awiri, mpaka munthuyo atatsika yekha. Apa mpamene anthu amadzuka kukafupa, ndalama zamapepala zikugwera pa harmonium. Nyimbo imodzi imatha mphindi 20 kapena 30, ndipo palibe amene amayang'ana wotchi.

Ndondomeko yake ilipo: amayamba ndi yotamanda Mulungu, kenaka Mtumiki Muhammad, kenaka Ali, mkamwini wa Mtumikiyo, ndi oyera mtima, n'kufika ku nyimbo za chikondi ndi kuledzera. Vinyo amene amamuimbayo si wa m'botolo, ndipo wokondedwa amene akumulirayo mukhoza kumumva ngati munthu kapena ngati Mulungu. Kusamveka kumodzi kumeneko n'kwadala. Mwambowu amati adaukonza Amir Khusrau, wophunzira wa Nizamuddin Auliya ku Delhi, amene adamwalira mu 1325. Lachinayi usiku ndiyo nthawi yake pa manda ambiri, monga pa Data Darbar ku Lahore.

Nusrat Fateh Ali Khan adali ndani kwenikweni?

Adabadwira ku Faisalabad mu 1948, m'banja limene lidaimba qawwali kwa mibadwo yambiri. Bambo ake sankafuna kuti alowe ntchitoyi, chifukwa oimba ankaonedwa ngati anthu apansi ngakhale nyimbo zawo zinkalemekezedwa. Bambowo atamwalira mu 1964, mnyamatayo adayamba kuimba m'gulu la banjalo, ndipo mu 1971 adakhala mtsogoleri wake. Adali munthu wonenepa, wamanyazi, wosayankhulayankhula, koma akakhala pansi n'kutsegula pakamwa, manja akuuluka, mawu ankathamanga m'mwamba ndi pansi mwa liwiro losaneneka.

Asanadziwike kwa azungu, makaseti ake ankagulitsidwa kale ku Birmingham pakati pa Apakistani ogwira ntchito m'mafakitale. Mu 1985 adaimba pa chikondwerero cha WOMAD ku England, kenaka adajambula ndi kampani ya Peter Gabriel, Real World, ndipo mawu ake adalowa m'mafilimu a ku America. Anthu a ku Paris ndi ku Tokyo ankalira osamva liwu ndi limodzi lomwe la Chipunjabi. Kwawo ena ankadandaula kuti akusukulutsa mwambo pousakaniza ndi magitala. Ine ndimaona kuti odandaulawo adali ndi mfundo pa nyimbo zina, koma zimene adajambula pa maso pa anthu, ali ndi gulu lake lokha, zimayankha mlandu wonse. Adamwalira ku London pa 16 Ogasiti 1997 ali ndi zaka 48. Mwana wa mng'ono wake, Rahat Fateh Ali Khan, ndiye adapitiriza, ndipo adaimba ku Oslo mu 2014 pa mwambo wa mphoto ya mtendere ya Nobel, chaka chimene Malala Yousafzai adalandira.

Asabri asaiwalike. Ghulam Farid Sabri ndi mng'ono wake Maqbool adaimba ku Carnegie Hall ku New York mu 1975, Nusrat asanatuluke.

Akazi ali pati pa zonsezi?

Gulu la qawwali mwamwambo ndi la amuna, ndipo pa manda ena akazi saloledwa kufika m'chipinda cham'kati. Komabe mawu amene ambiri amati ndiwo akulu kuposa onse mwa amoyo ndi a mkazi, Abida Parveen wa ku Larkana, wobadwa mu 1954, amene amaimba ndakatulo za Bulleh Shah ndi Shah Latif maso ali chitsinzire. Ku kiriketi, timu ya akazi idayambitsidwa ndi pachibale awiri, Shaiza ndi Sharmeen Khan, amene adaopsezedwa kuti aphedwa chifukwa cha zimenezi. Adasewera masewero awo oyamba a mayiko mu 1997. Mu 2004 Kiran Baluch adamenya marani 242 pa Test ku Karachi, ndipo timu yotsogozedwa ndi Sana Mir idatenga golide pa masewero a mayiko a ku Asia mu 2010 ndi 2014.

Asilamu onse kumeneko amavomereza nyimbozi?

Ayi. Mkangano woti kuimba ndi zoimbira n'kololedwa kapena ayi ndi wakale, ndipo alipo ophunzira ambiri amene amati kupita kumanda a oyera mtima n'kuphatikiza Mulungu ndi zolengedwa. Ambiri mwa otsutsawa amangotsutsa ndi pakamwa. Koma magulu a zigawenga adatenga mfuti. Mu Julayi 2010 mabomba adapha anthu oposa 40 pa Data Darbar. Pa 22 Juni 2016, m'mwezi wa Ramadhani, Amjad Sabri, mwana wa Ghulam Farid, adaomberedwa m'galimoto yake ku Karachi, ndipo maliro ake adadzaza misewu. Pa 16 Febuluwale 2017 munthu adadziphulitsa pakati pa ovina ku Sehwan n'kupha anthu oposa 80. Osamalira malowo sadadikire kuti pansi paume. Tsiku lotsatira ng'oma idalira, gule wa dhamal adavinidwa pa nthawi yake.

Akuti kwa zaka zambiri matimu ankakana kupita ku Pakistan. Zidatani?

Pa 3 Malichi 2009 zigawenga zidathira zipolopolo basi ya timu ya Sri Lanka ikupita ku bwalo la Gaddafi ku Lahore. Apolisi 6 ndi anthu ena awiri adafa, osewera angapo adavulala, ndipo dalaivala adapulumutsa otsalawo posaimitsa basi. Kuchokera pamenepo masewero a "pakhomo" a Pakistan ankachitikira makamaka ku Dubai, ku Abu Dhabi ndi ku Sharjah, nthawi zambiri m'mabwalo a anthu ochepa. Patangotha miyezi itatu chichitikire chiwembucho, timu ya Younis Khan idatenga chikho cha dziko lonse cha T20 pa bwalo la Lord's ku London. Chaka chotsatira, pa bwalo lomwelo, osewera atatu adagwidwa atagulitsa mbali ya masewero kwa otchova juga ndipo adamangidwa. Kukonda timu imeneyi kumafuna mtima wolimba.

Amene adayamba kubwerera mwa matimu akuluakulu adali anansi athu. Mu Meyi 2015 Zimbabwe idapita ku Lahore, ndipo anthu adafola padzuwa kwa maola, kusechedwa kangapo, kuti angoona mpira pakhomo pawo patatha zaka 6. M'timu ya Zimbabwe mudali Sikandar Raza, wobadwira ku Sialkot. Munthu yemweyu mu 2025 adamaliza Test ku Nottingham, adakwera ndege usiku wonse, adafika ku Lahore patangotsala mphindi zochepa kuti fainolo ya ligi iyambe, n'kumenya marani opambanitsa Qalandars. Ma Test adabwerera mu Disembala 2019, ndipo alendo oyamba adali a Sri Lanka omwewo.

Nanga ndi India zimatha bwanji?

Pa bwalo, ndi nkhondo yopanda mfuti. Misika imatsekedwa, misewu imati zii. Akuluakulu amakumbukirabe za ku Sharjah mu 1986, pamene pankafunika marani 4 pa mpira wotsiriza ndipo Javed Miandad adautumiza kunja kwa bwalo. Achinyamata amakumbukira 2017 pa The Oval, pamene Pakistan idapambana ndi marani 180, ndi 2021 ku Dubai pamene Babar Azam ndi Mohammad Rizwan adamaliza ntchito awiriwiri osatuluka. Zoona n'zakuti m'mipikisano ya dziko lonse India ndiyo imapambana kawirikawiri, ndipo chiyambire 2013 matimuwa sayenderana, amangokumana pa mipikisano ya mayiko ambiri.

Ku nyimbo malire ndi ovuta kuwaona. Manda a Amir Khusrau ali ku Delhi. Banja la Nusrat lidachokera ku Jalandhar, mbali ya India, pa nthawi yogawa dziko. Ndakatulo za Baba Farid zili m'buku loyera la Asikh. Mu 1999 anthu a ku Chennai adaimirira n'kuombera m'manja timu ya Pakistan itangogonjetsa yawo ndi marani 12. Chibale ndi fupa, ngakhale andale atayesetsa chotani.

Achinyamata a lero amazimvabe nyimbo za agogozi?

Amazimva, koma pa foni. Gulu la Junoon lidayamba m'zaka za m'ma 1990 kuika ndakatulo za Asufi pa magitala a magetsi. Mu 2008 pulogalamu ya Coke Studio, motsogozedwa ndi Rohail Hyatt, idayamba kukhazika oimba a kumanda ndi a m'tauni m'chipinda chimodzi, ndipo nyimbo zake zimaonedwa kambirimbiri pa YouTube, gawo lalikulu la oonera lili ku India. Pali chimene chimatayika nyimbo ya mphindi 30 ikadulidwa kufika pa 8, pakona pali chizindikiro cha kampani ya zakumwa. Koma mwana wa ku Bradford amene sadapondeko ku Kasur akuloweza mawu a Bulleh Shah chifukwa cha pulogalamu yomweyo.

Ndikufuna kulawako. Ndiyambire pati?

Pa intaneti sakani Nusrat akuimba pa maso pa anthu, osati zojambulidwa ndi magitala. Musadumphe mphindi zisanu zoyamba ngakhale zioneke ngati palibe chikuchitika, ndipo muziyang'ana amuna a mzere wakumbuyo, manja awo. Mukatero mverani Abida Parveen usiku, nyumba ili zii. Ku kiriketi sakani fainolo ya 1992, pamene Wasim Akram akuthamangira Allan Lamb. Mpira woyamba umabwera ngati ukulowa m'kati, n'kuthawira kunja, kamtengo kagwa. Chris Lewis akulowa, akukonza magolovesi, akuyembekeza womwewo. Wachiwiri umakhotera m'kati.